Ibn Sina, Dokotala wa ku Bukhara, ndi Funso la Mwala Woponyedwa



Pa tsamba la mbiri teremu ino tikukamba za Ibn Sina, amene mabuku a ku Ulaya amamutcha Avicenna. Ambiri amene adamvapo dzinali amamudziwa ngati dokotala, ndipo n'zoona. Koma ife tamusankha pa chifukwa china. Ophunzira a makalasi apamwamba afika pa mutu wa force ndi momentum m'phunziro la Fizikisi, ndipo ena akangoona graph ya force ndi nthawi pa bolodi amagwa mphwayi. Amati izi n'zachizungu, bola kungoloweza kuti tidutse mayeso a MANEB. Chonsecho funso limene graph imeneyi imayankha lidasowetsa tulo hafizi wa Qur'an zaka 1,000 zapitazo. Funsolo ndi ili: mwana akaponya mwala, dzanja n'kuusiya, n'chiyani chimene chimaupititsabe patsogolo? Tisanamve yankho lake, tiyambe tamudziwa munthuyo.

Ubwana wake

Dzina lake lonse linali Abu Ali al-Husayn ibn Abdullah ibn Sina. Adabadwa cha m'chaka cha 980 m'mudzi wa Afshana, pafupi ndi mzinda wa Bukhara, m'dziko limene lero likutchedwa Uzbekistan. Kwa amene adadutsa ku madrasa, Bukhara si dzina lachilendo. Ndi kwawo kwa Imam al-Bukhari, wosonkhanitsa Hadith uja, amene adamwalira mu 870. Pamene Ibn Sina ankabadwa, mzindawu unali likulu la mafumu a banja la Samani, ndipo unali wodzaza ndi mashehe, alembi ndi ogulitsa mabuku. Bambo ake, a Abdullah, adachokera ku Balkh, kumene tsopano ndi ku Afghanistan, ndipo ankagwira ntchito m'boma. Mayi ake, a Sitara, anali a ku Afshana komweko.

Za ubwana wake timazidziwa chifukwa iye mwini adazifotokoza kwa wophunzira wake, Abu Ubayd al-Juzjani. Wophunzirayu adazisunga, n'kuwonjezerapo zimene adaona ndi maso ake pa zaka 25 zimene adayenda naye.

Pofika zaka 10, mwanayu anali ataloweza Qur'an yonse. Bambo ake sadakhutire ndi pomwepo. Adamutumiza kwa munthu wina wogulitsa ndiwo zamasamba kuti akaphunzire kuwerengera kwa Amwenye, kumene kudabala manambala amene timalemba lero m'makope. Taganizani, mkulu wa boma kutumiza mwana wake kukakhala pansi pa wogulitsa masamba ngati amene timawaona pamsika wa Ntaja kapena wa Ulongwe, chifukwa choti masamu anali kumeneko. Malamulo a Chisilamu, Fiqh, adaphunzira kwa Shehe Ismail al-Zahid. Kenako bambo ake adalandira m'nyumba mwawo mphunzitsi wina, Abu Abdullah al-Natili, kuti amuphunzitse luso la kulingalira ndi masamu a Euclid. Adawerengera limodzi zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoyambirira za bukulo, zotsalazo mwana adamaliza yekha. Pofika pa buku la Ptolemy la kayendedwe ka nyenyezi, wophunzira ndiye ankalongosolera mphunzitsi.

Ali ndi zaka 16 anali atazama kale m'zachipatala, akuona odwala, ndipo madokotala akuluakulu ankabwera kudzaphunzira naye. Koma si zonse zimene zinkamuyendera mofewa. Kwa chaka ndi theka sadagonepo usiku wathunthu, akulimbana ndi mabuku a filosofi. Funso likamukanika, ankanyamuka kupita kumzikiti, n'kuswali, kupempha Mlengi kuti amutsekulire chimene chatsekeka. Akabwerako ankayatsa nyale n'kuyambiranso.

Buku limodzi la Aristotle, lotchedwa Metaphysics, adaliwerenga maulendo 40 mpaka kuliloweza, koma osalimvetsa. Adafika potaya mtima. Tsiku lina ali kumsika wa mabuku, wogulitsa wina adamukakamiza kugula kabuku kotsika mtengo, ka madirham atatu okha, chifukwa mwini wake ankafuna ndalama msanga. Kanali kabuku ka al-Farabi kolongosola cholinga cha buku lomukanika lija. Atakawerenga kunyumba, zonse zimene adaloweza zidalumikizana. M'mawa mwake adapereka sadaka kwa osauka pothokoza Allah. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira amene wawerenga mutu kawiri n'kunena kuti mutu wake si wa sayansi akumbukire maulendo 40 amenewa.

Laibulale ya mfumu ndi zaka zoyendayenda

Mfumu ya Bukhara, Nuh ibn Mansur, idadwala matenda amene adathetsa nzeru madokotala ake. Iwo adatchula dzina la mnyamatayu, ndipo adaitanidwa kudzathandiza. Mfumu itapeza bwino, Ibn Sina adapempha chilolezo cholowa m'laibulale yachifumu. Inali nyumba ya zipinda zambiri, chipinda chilichonse cha phunziro lake, mabuku ali m'mabokosi osanjikizana. Adaonamo mabuku amene sadawaoneponso kwina moyo wake wonse. Pofika zaka 18 anali atamaliza kuwerenga zimene ankafuna. Patapita nthawi laibulaleyo idapsa ndi moto.

Mu 999 ufumu wa Samani udagwa, ndipo patangopita zaka zochepa bambo ake adamwalira. Kuyambira pamenepo moyo wake udakhala wa paulendo. Adayamba wapita ku Gurganj, m'dera la Khwarazm, kumene mafumu ake ankasunga anthu ophunzira. M'zaka za unyamata wake zomwezi adalemberana makalata ndi katswiri mnzake, al-Biruni, amene adamutumizira mafunso ovuta okhudza chilengedwe. Limodzi linali lakuti: ngati kuzizira kumachepetsa zinthu, bwanji botolo lodzaza madzi limasweka madziwo akaundana? Lina linali lakuti: bwanji madzi oundana amayandama pamwamba pa madzi anzake? Anyamata awiriwa sankagwirizana pa mayankho, ndipo sankabisirana mawu. Makalata awo alipo mpaka lero.

Cha mu 1012 adachoka ku Gurganj, nadutsa m'mizinda ingapo mpaka kufika ku Jurjan, kufupi ndi nyanja ya Caspian. Mfumu imene ankayembekeza kuti imusunga, Qabus, inali itamwalira. Koma kumeneko ndi kumene adakumana ndi al-Juzjani, ndipo ndi kumene adayamba kulemba buku lake lalikulu la zachipatala, al-Qanun fi al-Tibb. Kuchoka apo adapita ku Rayy, pafupi ndi Tehran wa lero, kenako ku Hamadan, kumadzulo kwa Iran.

Nduna, wothawa ndi mkaidi

Ku Hamadan adachiritsa mfumu Shams al-Dawla matenda a m'mimba, ndipo mfumuyo idamukweza kukhala nduna yaikulu. Udindowu udatsala pang'ono kumuphetsa. Asilikali adamuukira, adalanda katundu wake, nafuna kuti aphedwe. Adabisala masiku 40 m'nyumba ya mnzake, mpaka mfumu itadwalanso n'kumuitana, n'kumubwezera paudindo.

Masana ankagwira ntchito za boma, usiku ankaphunzitsa. Ophunzira ankasonkhana kunyumba kwake, wina akuwerenga al-Qanun, wina akuwerenga buku latsopano limene al-Juzjani adamuchonderera kuti alembe. Buku limenelo ndi Kitab al-Shifa, kutanthauza buku la machiritso. Ngakhale dzina lili choncho, si buku la mankhwala. Machiritso ake ndi ochiza umbuli. Lili ndi magawo anayi: luso la kulingalira, sayansi ya chilengedwe, masamu, ndi nkhani za chiyambi cha zinthu zonse. Adayambira kulemba gawo la chilengedwe.

Mu 1021 Shams al-Dawla adamwalira. Ibn Sina adakana kutumikira wolowa m'malo mwake, nakabisala m'nyumba ya wogulitsa mankhwala wina, Abu Ghalib. Mobisalamo, wopanda buku lililonse loti aonerepo, ankalemba masamba 50 tsiku lililonse kuchokera m'mutu, mpaka adamaliza mbali yaikulu ya sayansi ya chilengedwe. Adani ake atadziwa kuti akulemberana ndi mfumu ya ku Isfahan, adamugwira n'kumutsekera m'linga la Fardajan kwa miyezi inayi. Ngakhale m'ndendemo sadaleke kulemba. Atatuluka, adazemba mu Hamadan pamodzi ndi m'bale wake ndi al-Juzjani atavala ngati Masufi, nakafika ku Isfahan cha mu 1024.

Mfumu ya Isfahan, Ala al-Dawla, idamulandira mwaulemu, ndipo idakhazikitsa zoti usiku wa Lachisanu akatswiri azikumana pamaso pake kukambirana za maphunziro. Zaka za ku Isfahan ndizo zinali zodekha kwambiri pa moyo wake. Mu 1025 al-Qanun idatha, ndipo al-Shifa adaimalizira konko.

Funso la mwala

Tsopano tibwerere ku mwala uja. Aristotle, amene ophunzira onse a nthawiyo ankamulemekeza, adaphunzitsa kuti chinthu sichingayende mokakamizidwa popanda china chochikhudza n'kumachikankha kapena kuchikoka. Ngolo imayenda ng'ombe zikamakoka, zikaima nayonso imaima. Izi zimaoneka zomveka mpaka utaponya mwala. Dzanja latsala kuno, mwala ukupitabe. Aristotle adati ndi mpweya umene ukugwira ntchitoyo: dzanja limasuntha mpweya, ndipo mpweyawo umapitiriza kukankha mwala mpaka mphamvu yake itatha. M'zaka za m'ma 500, John Philoponus wa ku Alexandria adakana zimenezi. Iye adati woponya amaika mphamvu m'kati mwa mwalawo, koma mphamvuyo imazilala yokha pang'onopang'ono.

Mu al-Shifa, Ibn Sina adaunika maganizo amenewa limodzilimodzi. Adakana zoti mpweya ndi umene umanyamula mwala. Adavomereza kuti woponya amasiya kanthu m'mwalamo, ndipo kanthuko adakatcha mayl, liwu la Chiarabu lotanthauza kupendekera mbali ina. Pali mayl wachibadwa, ngati wa mwala umene umafuna kupita pansi, ndipo pali mayl wokakamiza, amene chinthu chimalandira kwa wochiponya. Adaphunzitsa kuti mayl ndi chinthu choti dzanja lingachimve pamene ukuyesa kuletsa chinthu kupita kumene chikufuna. Amene adayesapo kumiza chigubu chopanda kanthu mumtsinje wa Shire, kapena kuwakha mpira wothamanga, akudziwa chimene chikunenedwa.

Pamene adasiyana ndi Philoponus ndi apa. Ibn Sina adati mayl wokakamiza safa yekha. Chimene chimamutha ndi chakunja, monga mpweya umene mwala ukuung'amba poyenda. Choncho mpweya, umene Aristotle ankauyesa wothandiza, ndiwo wobweza m'mbuyo. Adapitiriza kulingalira kuti kukanakhala malo opanda kalikonse, opanda ngakhale mpweya, chinthu choponyedwa kumeneko sichikanaima. Iye mwini sankakhulupirira kuti malo oterowo alipo, ndipo kuyenda kosatha kumeneku kunali chimodzi mwa zifukwa zimene ankawakanira. Komabe mfundo inali itanenedwa: chinthu choyenda sichifuna wochikankha kuti chipitirize, chimafuna wochiletsa kuti chiime. Amene amakhala m'mbali mwa njanji ya ku Nkaya ndi Liwonde amaziona pa sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala. Woyendetsa akamanga mabuleki, sitima imapitabe mtunda wautali isanaime.

Patapita zaka pafupifupi 100, dokotala wina wa ku Baghdad, Abu al-Barakat al-Baghdadi, adawonjezera njerwa ina m'buku lake, Kitab al-Mu'tabar. Adafunsa chifukwa chimene mwala wakugwa umawonjezera liwiro. Yankho lake linali lakuti kulemera kwa mwala kumapereka mayl kamphindi kalikonse, mayl watsopano n'kumaunjikana pa wakale. Apa nthawi idalowa m'nkhani: mphamvu ikagwira ntchito nthawi yaitali, zotsatira zake zimachuluka.

M'zaka za m'ma 1300, Jean Buridan wa ku Paris adaphunzitsa za chinthu chofanana ndi mayl, chimene adachitcha impetus, ndipo adati chimakula malinga ndi kuchuluka kwa chinthu ndi liwiro lake. Cha mu 1350, Nicole Oresme, wa ku Paris komweko, adajambula nthawi pa mzere wogona ndi liwiro pa mizere yoimirira, naonetsa kuti kukula kwa chithunzi chimene chapangika kukuimira mtunda umene chinthu chayenda. Mu 1687 Isaac Newton adasindikiza malamulo ake atatu a kayendedwe ka zinthu. Loyamba likunena zimene Ibn Sina adaziona patali zija. Lachiwiri likuti kusintha kwa kayendedwe kumalingana ndi force imene yaperekedwa.

Graph ya m'kalasi mwathu

Force ndi mphamvu yokankha kapena yokoka, ndipo timaiyeza mu ma newton. Momentum ndi kulemera kwa chinthu m'makilogalamu kuchulukitsa ndi liwiro lake. Pa graph, nthawi imakhala pa mzere wogona, force pa mzere woimirira. Chimene tiyenera kuyang'ana kwambiri ndi kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere wojambulidwawo. Malo amenewo, omwe ndi force kuchulukitsa ndi nthawi, amatchedwa impulse, ndipo amafanana ndi kusintha kwa momentum. M'chinenero cha Ibn Sina tingati ndi muyeso wa chimene woponya wasiya m'chinthu choponyedwa.

Tiyerekeze ndi mpira wa makilogalamu 0.4 umene uli phee pabwalo. Wosewera akuumenya, ndipo phazi likukhudza mpira kwa masekondi 0.01 okha. Force ikuyamba pa 0, ikukwera mpaka ma newton 1,600, n'kutsikanso kufika pa 0. Chithunzi chake ndi cha makona atatu. Kukula kwake ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu: theka la 0.01 kuchulukitsa ndi 1,600, zimene zikupereka 8 N s. Imeneyo ndiyo momentum imene mpira walandira. Tikagawa 8 ndi 0.4 tikupeza liwiro la mamita 20 pa sekondi.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kutenga nsonga ya graph, 1,600 uja, n'kuyesa kuti ndilo yankho. Nsonga ikungotiuza pamene phazi lidakankha kwambiri. Force yaikulu ya kanthawi kochepa ikhoza kupereka impulse yofanana ndi force yaing'ono ya nthawi yaitali. Msampha wachiwiri ndi woopsa kuposa woyamba. Wophunzira amaona mzere wafika pa 0, n'kulemba kuti mpira waima. Kumeneko ndi kulakwa kwa Aristotle kuja. Pamene force yafika pa 0 ndi pamene mpira wachoka kuphazi, ndipo ndi pamene ukuthamanga kwambiri. Force yatha, momentum yatsala. Kuti mpira uime, pafunika force ina yolozera kumbuyo, ndipo pa graph imeneyo imajambulidwa kunsi kwa mzere wa nthawi. Malo a kunsiwo amachotsera momentum. Akafanana ndi malo a pamwamba, mpira waima.

Tione tsopano goloboyi amene akuwakha mpira womwewo. Ayenera kuchotsa 8 N s, palibe kuchitira mwina. Akauimitsa ndi manja owuma m'masekondi 0.01, force yapakatikati ikhala 8 kugawa ndi 0.01, ma newton 800. Kumeneko kuli ngati kulemera kwa makilogalamu 80, kuposa thumba limodzi ndi theka la chimanga. Koma akabweza manja n'kuulandirira pachifuwa m'masekondi 0.1, force ikhala ma newton 80 okha. Graph yoyamba ndi yaitali ndi yopyapyala ngati mlongoti, yachiwiri ndi yaifupi ndi yotambalala ngati chulu chophwasuka, koma malo a pansi pake ndi ofanana.

Maganizo a Abu al-Barakat nawonso amaoneka bwino pa graph. Papaya la kilogalamu imodzi likapululuka, dziko limalikoka ndi ma newton pafupifupi 10, ndipo force imeneyi sisintha. Mzere wake ndi wogona, chithunzi chake ndi cha makona anayi chimene chikutalika nthawi ikamapita. Pakatha theka la sekondi malo ake ndi 5 N s, pakatha sekondi yathunthu ndi 10 N s. Force ndi yomweyo, koma liwiro likukula, chifukwa momentum ikuunjikana. Papayalo likagwera pa simenti limaphwanyika. Likagwera pa mulu wa udzu limapulumuka, chifukwa udzu watalikitsa nthawi yoimira.

Makolo, phunziro ili silithera pa mayeso. Mutu wa mwana wanu amene wakwera kabaza wa njinga yamoto pamsewu wa Liwonde kupita ku Balaka kapena ku Mangochi uli ngati papaya lija. Ngozi ikachitika, momentum iyenera kutha, tifune tisafune. Chimene tingasankhe ndi kutalika kwa nthawi imene ithere. Helemeti ili ndi chofewa m'kati chimene chimafinyika, n'kutalikitsa kamphindi kogundako, force n'kutsika. Lamba wa m'galimoto amagwira ntchito yofananayo. Wophunzira amene wamvetsa graph imeneyi sayenera kudikira wapolisi wa pamsewu kuti amukumbutse.

Tisamukometsere Ibn Sina kuposa muyeso. Iye sadajambule graph, sadalembe lamulo la masamu la momentum, ndipo sadali ndi wotchi yoyeza kachigawo ka sekondi. Mayl wake si momentum ndendende, ndipo pa zinthu zambiri za chilengedwe adatsatirabe Aristotle pamene Aristotle adaphonya. Chimene adachita ndi kuyang'anitsitsa chinthu wamba, kukana yankho la munthu wotchuka pamene silinkakwanira, ndi kutsatira ganizo lake mpaka kumapeto.

Imfa yake ndi zimene adasiya

Ku Isfahan mtendere sudakhalitse. Asilikali a Mas'ud wa ku Ghazna atalowa m'deralo adalanda katundu wa Ibn Sina, ndipo buku lake lalikulu lotchedwa Kitab al-Insaf lidatayika. Iye ankaperekeza Ala al-Dawla pa maulendo a nkhondo, ndipo pa ulendo wina adadwala matenda opotokola m'mimba, omwe aja ankachiza mafumu. Pofuna kuchira msanga kuti asatsalire, adadzipatsa mankhwala mopyola muyeso, matumbo ake n'kuvulala. Ankati akapezako bwino n'kubwerera kuntchito, matenda n'kuyambiranso. Ali paulendo wopita ku Hamadan adaona kuti thupi lagonja, ndipo adasiya kudzichiza. Olemba mbiri yake amati adamasula akapolo ake, adagawa chuma chake kwa osauka, ndipo masiku otsalawo adawathera powerenga Qur'an. Adamwalira m'mwezi wa Ramadhan chaka cha 428 cha Hijra, chimene ndi 1037, ali ndi zaka pafupifupi 57. Manda ake ali ku Hamadan, ndipo yunivesite ya mumzindawo imatchedwa ndi dzina lake.

Al-Qanun, ya magawo asanu, ikufotokoza mankhwala oposa 700, ndipo ili ndi malamulo oyesera mankhwala: akhale osasakanizika, ayesedwe pa matenda amodzi odziwika, aonedwe ngati akugwira ntchito mobwerezabwereza, ndipo ayesedwe pa thupi la munthu, chifukwa chimene chachitika pa nyama sichitsimikizira za munthu. M'zaka za m'ma 1100, Gerard wa ku Cremona adalimasulira m'Chilatini mumzinda wa Toledo ku Spain, ndipo madokotala a ku Ulaya adaliphunzira m'mayunivesite mpaka m'zaka za m'ma 1600.

Akuluakulu a mzikiti akudziwa kuti si zonse za Ibn Sina zimene maulama adazilandira. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adalemba Tahafut al-Falasifa kutsutsa mwamphamvu maganizo ake ena, makamaka okhudza chiyambi cha dziko, kudziwa kwa Allah ndi kuuka kwa matupi. Pa nkhani za chikhulupiriro timatsatira Qur'an ndi Sunnah monga atiphunzitsira mashehe athu. Koma al-Ghazali yemweyo adachenjeza kuti munthu wokana masamu ndi zinthu zotsimikizika, monga kuwerengera kadamsana, poganiza kuti akuteteza chipembedzo, amachipweteka chipembedzocho.

Nthawi ya atsamunda, agogo athu ambiri kuno ku Machinga, Balaka ndi Mangochi adakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akawasiyitsa Chisilamu. Mantha awo anali ndi chifukwa, koma adatisiyira ngongole ya maphunziro imene tikubwezabe. Lero tili ndi sukulu yathuyathu, ndipo mwana sakufunikanso kusankha pakati pa madrasa ndi labotale. A Abdullah a ku Bukhara adatumiza mwana wawo kwa shehe ndiponso kwa wogulitsa masamba wodziwa masamu. Tikupempha makolo kuti ana, anyamata ndi atsikana omwe, apatsidwe nthawi ndi nyale yowerengera madzulo. Inu ophunzira, patchuthi pano tengani legeni, mpira kapena munsi wa pamtondo, muyerekeze graph ya chilichonse, mulembe pamene force ikuyamba, pamene yafika pansonga ndi pamene yatha, ndipo mubwere nazo tsiku lotsekulira, Insha Allah.

Allah atiwonjezere maphunziro aphindu, ndipo asunge ana athu pamsewu. Ameen.